Bwanji a geni timaopa kulemba za ntchito zathu pa Facebook?

Wasola_Area25:
Abale ndithandizeni nzeru. Ine ndimaika ma sola m'nyumba za anthu kuno ku Lilongwe, Area 25, Area 49, nthawi zina mpaka ku Lumbadzi. Ntchitoyo ndimaidziwa bwinobwino koma ikafika nkhani yolemba pa Facebook kaya pa status manja amangouma, ndimalemba mizere iwiri kenako ndafufuta. Achimwene anga amandikalipira kuti makasitomala ako onse ndi obwera pongouzana, tsiku lomwe adzasiye kuuzana udzadya chani. Ndikaona anzanga owotcherera, ma plumber, ngakhale ma akauntanti ophunzira bwino nawonso zii, peji ilipo koma posti yomaliza ndi ya chaka chatha. Chimatigwira nchani kwenikweni? Ndipo inu amene munayamba munayambira pati? Chizungu changanso nchongopempherera madzi.

Telala_waku_Limbe:
Achimwene chizungucho chisiyeni, amene akufuna sola ku Area 25 amayankhula Chichewa ngati inu nomwe. Ine ndimalemba mmene ndimayankhulira pa shopu ndipo anthu amayankha kwambiri kuposa nthawi yomwe ndinkalimbana ndi chizungu.

Mantha enieni ndi anthu otidziwa, tisanamizane. Ukangoika chithunzi cha madiresi a ukwati omwe wasoka, mawa lake foni ya kumudzi yalira kuti fizi ya mwana, ena akuti feteleza, onse aona ngati zako zayera pomwe nsaluyo ndi ya kasitomala ndipo iwe wangopatapo yosokera. Ena amaopa nsanje, mukudziwa mmene timakhalira, munthu safuna kuoneka kuti akudzionetsera. Enanso amati anzanga andibera sitayilo. Koma sitayiloyo diresi likangovalidwa ku ukwati aliyense waiona kale, chomwe sangabe ndi kasokedwe kako.

China ndi mitengo. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 zinthu zinkasintha mtengo sabata ndi sabata, ndiye munthu umaopa kulemba mtengo lero wina nkubwera patatha miyezi itatu ndi screenshot kuti munalemba nokha. Ine ndimalemba mtengo ndi deti lake, basi. Zija zomati bwerani ku inbox zimathamangitsa anthu, amaganiza kuti ukufuna uyambe waona nkhope kenako utchule mtengo.

Akauntanti_BT:
Ndiwonjezere apa poti mwatitchula ife. Ambiri amene ndimawathandiza mabuku chomwe amaopa ndi MRA, amati ndikaonekera kwambiri andipeza. Maganizo anga ndi oti kubisala kumakudyera zambiri, chifukwa masukulu, matchalitchi ndi mabungwe akafuna kukupatsa ntchito amafunsa satifiketi ya bizinesi, TPIN (nambala yanu ya msonkho ya ku MRA) ndi kotesheni yolembedwa bwino. Lembetsani dzina la bizinesi ku boma, tengani TPIN, kenako mudzalemba mtima uli m'malo.

Koma samalani ziwiri. Musaike chithunzi cha nyumba ya kasitomala osapempha, makamaka inu a sola, mukuonetsa akuba pomwe pali mabatire ndi inverter. Jambulani denga lokha kapena mawaya, osatchula nyumba. Ndipo mukayambana ndi kasitomala kapena mnzanu wa geni musamutukwane pa intaneti, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo ndipo anthu amamangidwa nalo.

Wakujoni_Akumanga:
Ine ndiyankhe ngati wogula. Tilipo ambiri kuno ku Johannesburg amene tikumanga kumudzi ndipo sitingabwere kudzazungulira mu Area 2 kufunsa kuti wodziwa sola ndani, timafufuza pafoni usiku tikaweruka. Peji yongoti timaika sola zotchipa imbani nambala iyi ine sindiikhulupirira, akuba nawonso amalemba chomwecho, ukatumiza ya Airtel Money kapena Mpamba foni yazima. Amene ndinamupatsa ntchito ya nyumba ya mayi anga ndinamusankha chifukwa anafotokoza bwino chifukwa chomwe batire la galimoto silikhalitsa pa sola, kuti linapangidwa kuti lingolizira injini kenako lidzadze msanga, osati kumatsitsidwa usiku uliwonse ndi TV ndi mababu. Nditawerenga ndinati uyu ntchito akuidziwa, ndipo sanandipemphe nkomwe kuti ndigule.

Ndiye achimwene musavutike kuganiza zolemba, muli nazo kale. Mafunso omwe anthu amakufunsani muli pa makwerero aja ndi omwewo. Bwanji panelo iyang'ane kumpoto kwathu kuno. Bwanji magetsi akuchepa mu September ndi October pomwe dzuwa likuswa mtengo, kumachita kuti fumbi ladzadza pa panelo osapukuta. Kodi filiji ingayake pa panelo imodzi. Charge controller, kachipangizo kowongolera moto wochoka ku panelo kulowa mu batire, ya mtundu wa MPPT ndi ya PWM zikusiyana pati ndipo yodulayo ikufunika liti. Funso limodzi posti imodzi, chithunzi chimodzi chojambula nokha, nambala pansi. Magetsi a ESCOM akangozima anthu amakhala pafoni kufufuza zomwezi.

Wasola_Area25:
Zikomo nonse, ya batire la galimoto ija ndimaifotokoza pafupifupi tsiku lililonse koma sindinaganizepo kuti ndi yolemba. Koma ndikaulula zonsezi anthu sazingodziikira okha ine nkusowa ntchito? Komanso bandulo, zithunzi zimadya.

Telala_waku_Limbe:
Amene angadziikire yekha sakanakulembani ntchito ndi kale, ambiri akawerenga mpamene amaona kuti mawayawa si oseweretsa. Za bandulo musayambe ndi mavidiyo, gulani ya WhatsApp ndi Facebook yokha. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, muli catalogue moti muikamo zithunzi ndi mitengo kamodzi, wina akafunsa mungomutumizira. Status imafufutika pakatha maola 24 ndiye ndi pabwino poyesera ngati manja akunjenjemera, yomwe anthu ayankha kwambiri muikopere ku peji. Kamodzi pa sabata nkokwanira, ine ndimalemba Lamlungu madzulo ndikachoka ku tchalitchi. Ya batireyo mukalemba mutiuze, mlamu wanga ku Bangwe wapsetsa awiri kale.