Mwera ukundikankha pa njinga yamoto, ndichite bwanji?

Mphwanga wa ku Chia:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimanyamula nsomba zouma kuchoka ku Nkhotakota kupita ku Salima pa kanjinga ka 125cc. Chiyambireni mwera mu June uno, ndikafika pa mlatho wa Chia mphepo imandikankhira pakati pa msewu, kumene kukubwera magalimoto. Ndikumachita mantha kwambiri.

Bambo a Tiyamike:
Mphwanga, choyamba ndi dengu lakolo. Ukalimanga lalitali kumbuyo limagwira mphepo ngati thanga la bwato. Gawa katundu m'matumba awiri, upachike mbali zonse, pansipansi.

Usaumitse manja. Gwira handulo mofewa, koma thanki uipane ndi mawondo, mutu uweramitse pang'ono. Mphepo ikamenya kuchokera kunyanja, kankha pang'ono handulo ya mbali yomweyo, njinga ipendekera kumene mphepo ikuchokera n'kumapitabe molunjika. Ikaleka, masula msanga, apo ayi ugwera kumanzere.

Mai Nabanda:
Achimwene, chepetsani liwiro koma musatseke mafuta kapena kumanga mabuleki mwadzidzidzi. Tsitsani giya imodzi kuti injini izikokabe. Samalaninso ndi malole. Imakutchingirani mphepo, kenako ikangodutsa mphepo ija imabwera yonse nthawi imodzi.

Mphwanga wa ku Chia:
Zikomo. Nanga ikanyanya?

Bambo a Tiyamike:
Ima, uimike njinga pamalo obisika. Uzimveranso pa wailesi machenjezo a mwera amene a zanyengo amapereka kwa asodzi. Tsiku limene asodzi sanalowe m'nyanja, nawenso ulendo uusinthe.