Tingadziwe bwanji kuti ntchito yoteteza achinyamata ku mowa ndi chamba ikuphula kanthu?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Gulu lathu limateteza achinyamata ku mowa, chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo. M'malo mongowalalikira za kuipa kwake, timaphunzitsa makolo kucheza momasuka ndi ana awo, ndipo anawo akaweruka kusukulu timawatangwanitsa ndi masewera ndi ntchito zamanja. Tsopano otithandiza ndi ndalama akufuna umboni woti zikuthandizadi.

Apa ndiye mutu waima. Mwana amene sanayambe kusuta chifukwa cha ife, timamuwerenga bwanji? Chiwerengero cha obwera kumisonkhano tili nacho, koma ine sindichidalira kwenikweni, chifukwa amene sajomba nthawi zambiri ndi omwe sakanayamba n'komwe. Amene tikuwafunitsitsa aja sabwera.

Ndaona mafunso 10 ofufuzira kamwedwe ka munthu otchedwa AUDIT, ochokera ku bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, koma ndi a mowa wokha, ndipo amayenera munthu amene wayamba kale kumwa. ASSIST, yomwe ndi mndandanda wina wa mafunso, imafunsanso za fodya, chamba ndi mankhwala ena. Alipo mwa inu amene anaigwiritsapo ntchito kwa ana a zaka 12 mpaka 17? Nanga mumatani kuti ayankhe zoona, makamaka akadziwa kuti wofunsayo amadziwana ndi makolo awo?

Ena akuti tiyerekeze ndi dera lina limene sitikugwirako ntchito. Nzeru yake ndikuimva, komabe kufunsa ana za mavuto awo kenako n'kuwasiya osawathandiza kukundivuta mumtima. Munachita bwanji inu? Ndipo wounika wochokera kunja kwa gulu, gulu laling'ono ngati lathu lingamupeze kuti?