Nthunzi pakati pa magalasi a sliding door ku Namiwawa

Wa ku Chirimba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Ndili ndi sliding door ya aluminiyamu ku Namiwawa, magalasi ake ndi unit ya double glazing ya 6-12-6 (magalasi awiri a mamilimita 6 omatidwa pamodzi, pakati pali mpata wa mpweya wa mamilimita 12) imene mwini nyumba anaitanitsa ku Durban. Chiyambireni chiperoni mu June, chitseko choyendacho chadzaza nthunzi pakati penipeni pa magalasi, ndipo m'munsi mwayamba kutsika madontho. Bwanayo sakufuna kumva za unit yatsopano, akuti ndingopukuta basi, ngati kuti nsalu ingalowemo. Alipo amene anaumitsapo unit yotere?

Wa ku Ndirande: Boolani mabowo awiri, lina m'mwamba lina m'munsi, mupoperemo mpweya wouma kenaka mutseke. Ine ndachita zimenezi pa mawindo ndipo palibe kasitomala amene anabweranso kudzadandaula.

Wa ku Limbe: Achimwene, musayandikize drill pagalasilo musanayang'ane kachidindo ka pakona. Galasi la chitseko chotere nthawi zambiri limakhala toughened (lolimbitsidwa ndi moto), ndipo nsonga ikangolowa limaphulika lonse n'kusanduka timiyala. Ndinaziona ndi maso ku Nyambadwe, mnyamata wa kontrakitala wina ataboola chitseko mwini nyumba ali pakhonde pomwepo. Tinasesa mpaka kuda, ndipo nyumbayo inakhala yotseka ndi pulayiwudi mpaka galasi lina litafika.

Wa ku Ndirande: Ngati ndi toughened, atulutse unit mufelemu n'kuboola spacer (kachitsulo kolekanitsa magalasi awiriwo) cham'mbali. Galasi salikhudza n'komwe.

Wa ku Ginnery Corner: Bambo a ku Ndirande, kuumitsa mpweya sikuchiza nthenda. Nthunzi ikaoneka mkati ndiye kuti seal (chomatira) ya m'mbali yang'ambika kale, ndipo desiccant (timibulu toyamwa chinyezi) ya mu spacer yamwa chinyezi mpaka kukhuta, moti mukaumitsa lero dzuwa likuswa mtengo, nthunziyo idzabweranso kukangozizira. Ngati madontho akhalitsa, amasiya zipsera zoyera mkati zimene sizichoka. Chimene chikundikayikitsa ine ndi Durban. Unit imamatidwa m'mphepete mwa nyanja, kenaka imakwera kuno kumene tili pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja, mpweya wamkati umafufuma n'kumakankha seal usana ndi usiku. Zomatidwa ku Johannesburg, pa mamita oposa 1,700, zikatsikira kuno zimachita mosiyana, magalasi amaphwafukira mkati. Koma musanaimbe mlandu fakitale, onani timabowo totulutsa madzi m'munsi mwa felemu ndiponso ngati unit yakhala pa setting blocks (timitsamiro tochirikiza unit m'munsi). Ambiri amaikhazika pa aluminiyamu mwachindunji, opaka penti n'kutseka timabowo tija, unit n'kumagona m'madzi dzinja lonse. Mukaika yatsopano osakonza pamenepo, idzafa imfa yomweyo.

Wa ku Limbe: Ndiwonjezere kuti silikoni wonunkha ngati viniga asafike pa seal, amaidya. Pamafunika silikoni wa neutral cure, wopanda asidi.

Wa ku Ndirande: Zonsezo ndamva, madala, koma kasitomala wanena kuti ndalama ya unit alibe. Kuboola spacer kumam'patsa galasi looneka bwino, ndipo iye akufuna kuona kapinga wake, osati maphunziro a desiccant.

Wa ku Ginnery Corner: Nthunzi ikadzabweranso adzaimbira foni amene anaboola, osati inu. Ngati alibedi ndalama, kuli bwino kumuuza poyera kuti achotse unit n'kuika galasi limodzi la laminated (lokhala ndi pulasitiki womatira pakati), ngakhale pamenepo ma bead (timizere togwira galasi mufelemu) ndi malabala a mamilimita 24 sagwiranso, pamafunika ena.

Wa ku Chilomoni: Mukaganiza zoitanitsa, yezani unit yeniyeni mutachotsa ma bead, osati felemu, pakuti toughened sadula ikapsa kale. Musainyamulenso awiri okha opanda zomatira zogwirira galasi, chifukwa magalasi awiri a mamilimita 6 amalemera makilogalamu 30 pa sikweya mita iliyonse, ndipo chitseko chimodzi chimadutsa makilogalamu 50. Mawilo a pansi muwaonenso, chitseko chikamagunda poyenda seal imavutika. Kodi alipo amene wadutsitsa magalasi pa Mwanza posachedwapa? Wogulitsa wanga akufuna ndalama yonse m'marandi asanayambe kudula, ndipo kubanki akungoti ndidikire.

Wa ku Ndirande: Ndi chifukwa chake ndikuti aboole spacer.