Ndani ayenera kutsogolera banja lachifumu la Saxony, ku Germany?

Moni nonse okonda mbiri yakale. Ndikulemba za moyo wa Alexander wa Saxe-Gessaphe, wobadwira ku Munich mu 1954, koma mkangano wa utsogoleri wandimanga manja. Amalume ake, Maria Emanuel, omwe anali mtsogoleri wa banjali, anamusankha kukhala wolowa m'malo mu 1997, komabe iwo atamwalira mu 2012, Albert (mng'ono wa Maria Emanuel) ndi Rüdiger (wachibale wina wa m'banjali) anatsutsa, popeza Alexander magazi achifumu anawatengera kwa amayi ake. Kwathu kuno mwana wa mlongo kulowa ufumu si zachilendo, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi yandikhudza kwambiri.

Ndafufuza pa intaneti ndi ku laibulale, koma zolemba zambiri zili m'Chijeremani, ndipo makina omasulira akusokoneza mawu a zamalamulo. Kodi alipo wodziwa Chijeremani amene angandifotokozere ngati malamulo a banjali amalola utsogoleri kudzera mwa mkazi?