Malo atsala a nyama ziwiri: ngaka, nyala, mimbulu kapena mbuna?

Wa mapulogalamu, Lilongwe: Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Tikupanga masewera a pa foni omanga malo osungira nyama, mu Unity (pulogalamu yopangira masewera), ndipo tikufuna aziyenda bwino ngakhale pa foni ya Android ya RAM 2GB. Nyama zilimo kale ndi 12: njovu, mkango, kambuku, fisi, chipembere, njati, mbidzi, ngoma, njiri, nyani, mvuu ndi ng'ona. Update ikutuluka pakatha masabata 6, wojambula tili naye mmodzi, wa animation (wopanga mayendedwe a nyamazo) mmodzinso, choncho mphamvu zathu zikukwana nyama ziwiri basi. Pa mndandanda patsala ngaka, nyala, mimbulu ndi nsomba za mbuna za m'nyanja. Amene akutiyesera masewerawa akulirira ngaka tsiku ndi tsiku. Ine mtima wanga uli pa mimbulu. Mukanakhala inu mukanatenga ziti?

Wa animation, Blantyre: Achimwene, yambani mwaona mafupa amene muli nawo kale. Ngati rig ya ngoma, mafupa a pa kompyuta oiyendetsera aja, ndi yabwino, nyala mwamupeza ndi theka la ntchito, chifukwa ziwirizi ndi zachibale ndipo mayendedwe ake sasiyana kwambiri. Kuyenda, kuthamanga, kudya, kugona, zonsezo mungosamutsa n'kukonza pang'ono kutalika kwa miyendo ndi khosi. Koma musaiwale kuti nyala ndi ma model awiri, kutanthauza matupi awiri oti muumbe pa kompyuta. Wamphongo ndi wamkulu, woderapo, wa ubweya wolendewera kukhosi mpaka kumimba, nyanga zopotoka ndi miyendo yachikasu kumunsi. Wamkazi ndi wofiirira, wa mizere yoyera yowala, wopanda nyanga. Munthu wosadziwa akhoza kunena kuti ndi nyama ziwiri zosiyana.

Chimene ndingakupempheni kuti musachisiye ndi mayendedwe a amphongo akakumana. Samangoyamba kugundana. Aliyense amaimika ubweya woyera wa pamsana, kutukula mchira, kuweramitsa mutu, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati akuponda minga, akuonetsana mbali ya thupi. Animation imeneyi ndi ya masiku atatu kapena anayi, koma ndi imene ingapangitse wosewera kuima n'kumaonerera.

Wa mapulogalamu, Lilongwe: Rig ya ngoma ndi imene inatituluka bwino kuposa zonse. Koma sadzatinena kuti tangopaka ngoma utoto wina?

Wojambula, Johannesburg: Adzatero mukachita ulesi pa ubweya. Pa foni yaing'ono simungaike ubweya weniweni, ndiye dulani timapepala tochepa ta alpha (tojambulidwa ubweya, kwinako toonekera) pakhosi ndi pamsana pokha, kwinako mujambule mu texture, chithunzi chokuta thupi lake. Komanso m'patseni malo akeake. Nyala si wa padambo poyera, amakonda ziyangoyango zowirira kufupi ndi madzi, ngati za ku Lengwe ku Chikwawa, kumene nyala a kwathu amadziwika nako. Wosewera akamuika m'khola la mbee ngati la mbidzi, azibisala pakona n'kusiya kuswana. Apo ndiye kuti mwawonjezera kaseweredwe katsopano, osati chithunzi chokha.

Wokonza kaseweredwe, Zomba: Ine ndilankhulepo za ngaka, chifukwa ndi pamene ndikuona ngozi. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu akuifuna. Ndinaionapo kamodzi ikuyenda madzulo, ndi miyendo yakumbuyo yokha, timanja itapinda pachifuwa, mchira ukuthandiza kuti isagwe. Itamva mapazi athu inangodzikulunga n'kukhala ngati mpira wa mamba. Sindidzaiwala.

Koma taganizani mmene masewera anu amayendera. Wosewera amatsegula sitolo, amaona mtengo, amagula nyama. Ngaka ndi nyama imene ikuzembetsedwa kwambiri chifukwa cha mamba ake, ndipo kuyambira pa msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire) wa mu 2016 ku Johannesburg malonda ake pakati pa mayiko ndi oletsedwa, mitundu yonse. Kuno kwathu anthu akumamangidwa atapezeka nayo m'thumba akusaka wogula. Ndiye ife tiike chithunzi cha ngaka ndi mtengo pansi pake, pa foni ya mwana wa ku Mchinji kapena ku Nsanje? Zimenezo mtima wanga ukukana.

Chachiwiri, ngaka siikhalitsa m'khola. Ilibe mano, imadya nyerere ndi chiswe ndi lilime lalitali, ndipo imasankha mitundu yake. Amene amasamalira ngaka zolandidwa kwa ozembetsa amachita kuyenda nazo kutchire kwa maola angapo tsiku lililonse kuti zidzipezere chakudya zokha. Masewera oonetsa ngaka ikudya m'mbale, alendo akuijambula masana, aphunzitsa bodza.

Wa mapulogalamu, Lilongwe: Komatu achemwali, Planet Zoo, masewera ena omanga malo osungira nyama, inatuluka ndi ngaka ya ku China mu 2019 ndipo anthu anaikonda.

Wokonza kaseweredwe, Zomba: Zoona achimwene, koma Frontier, amene anapanga Planet Zoo, ali ku Cambridge ku England, ndipo osewera awo ambiri ngaka sadzakumana nayo m'munda. Athuwa akhoza kukumana nayo mawa akupita kukapalira. Sindikuti ngakayo muitaye. Ibwere mwa njira ina: uthenga ufike kuti apolisi alanda ngaka, wosewera ailandire, aiyeze sikelo, atume wogwira ntchito kuyenda nayo madzulo, ikanenepa aibweze kutchire. Asapezepo ndalama, apeze mbiri yabwino ya malo ake. Imeneyo ndi system yatsopano yonse, siingatheke m'masabata 6.

Wa animation, Blantyre: Ndikuvomereza, ndipo ku mbali yanga ngaka ndi yowawa. Palibe rig imene mungabwerekeko. Mamba amalowana ikamadzikulunga, ndipo mukangopinda mesh (khungu la model) mwachisawawa amatambasuka ngati labala. Nthawi ina ndinatha milungu iwiri mu Blender, pulogalamu youmbira ma model, pa kanyama ka mamba kotere, mpaka ndinachita kupanga model yachiwiri yodzikulunga kale n'kumasinthanitsa pakati pa animation.

Wa mawu, Mzuzu: Ndiikire kumbuyo mimbulu pang'ono, poti mwiniwake waikonda. Nkhani yake ndi yokoma: mu 2021 mimbulu 14 inabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete kuchokera ku South Africa ndi ku Mozambique. Kulira kwake n'kodabwitsa, imalira tswii tswii ngati mbalame ikamakonzekera kukasaka, ndipo wina akasochera amaitana ndi kamawu kotsika kakuti huu. Ofufuza ku Botswana anapeza kuti gulu likamafuna kunyamuka imayetsemula, kuyetsemula kukachuluka ndiye ulendo wayambika. Ndiponso palibe iwiri yofanana mawanga.

Wojambula, Johannesburg: Mawangawo ndi osavuta, shader (kapulogalamu kopaka mitundu pa screen) imodzi yosakaniza chakuda, choyera ndi chachikasu ndi nambala yosiyana pa nyama iliyonse. Vuto ndi gulu. Mmbulu mmodzi kapena iwiri m'khola si mimbulu. Pamafunika 8 kapena 10 yothamangitsana, kulonjerana, kulavulira ana nyama. Skinned mesh (mesh zoyendetsedwa ndi mafupa) 10 zothamanga nthawi imodzi, kuwonjezera pa njovu ndi njati zili kale pa screen, foni ya 2GB itentha m'manja. Musanyengedwe ndi rig ya fisi. Fisi ndi wotsika kumbuyo ndipo amathamanga mogwedera, mmbulu msana ndi wowongoka, miyendo yaitali yowonda. Mudzayambiranso.

Wa mapulogalamu, Lilongwe: Apa mwandigwira. Panopa tikafika nyama 25 pa screen timatsika kufika ma frame (zithunzi zimene screen imaonetsa) 24 pa sekondi. Nanga mbuna sizichulukanso kuposa pamenepo?

Wa ma shader, Lusaka: Zichuluka koma n'zopepuka, akulu. Pa kompyuta nsomba siifuna mafupa a rig. Mesh imodzi ya ma triangle 200 kapena 300, kugwedeza mchira muchite mu vertex shader (shader yosuntha mesh), mitundu musinthe ndi texture atlas (ma texture angapo pa chithunzi chimodzi) imodzi, zonse mujambule ndi GPU instancing, njira yojambulira zinthu zofanana zambiri nthawi imodzi. Nsomba 60 zidzakudyerani zochepa kuposa mimbulu itatu. Chimene muyenera kuopa ndi madzi. Galasi la thanki loonekera, madzi oonekera, thovu pamwamba pake, overdraw imeneyo, kujambula malo amodzi kangapo, ndi imene imapha mafoni otsika mtengo. Ikani galasi limodzi lokha kutsogolo, kumbuyo kukhale khoma lojambulidwa ndi fog yobiriwira pang'ono.

Wokonza kaseweredwe, Zomba: Ndipo mbuna zili ndi kaseweredwe kale m'chibadwa chawo. Amene anasambirapo pa miyala ya ku Cape Maclear akudziwa. Yamphongo iliyonse, yowala buluu kapena chikasu, imagwira kamphako kake n'kumathamangitsa inzake, zina zili kalikiliki kupala ndere pamwala. Ndiye wosewera akaika miyala yochepa, ndewu. Akaika zamphongo zambiri, ndewu. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi milungu itatu osadya, kukhosi kutatupa, mpaka tiana titatuluka. Kamodzi kokha wosewera akaona tiana tikutuluka m'kamwa mwa make, adzaitana anzake kuti adzaone. Lake Malawi National Park inalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi, ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku America amazisunga m'nyumba zawo. Osewera akunja azizindikira, akwathu azinyadira.

Wa mawu, Mzuzu: Chabwino, ndagonja, bola mimbulu isafufutidwe pa mndandanda. Mawu a thanki ndikhoza kukutumizirani, ndili nawo amene ndinajambula ku Nkhata Bay madzi akumenya miyala.

Wa mapulogalamu, Lilongwe: Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi anzanga awiri aja, tatenga nyala ndi mbuna. Mimbulu idikire mpaka titakonza LOD (kupeputsa model ikakhala patali) ndi kuchepetsa mafupa pa nyama zakutali. Ngaka taichotsa mu sitolo, tailemba pa update ya malo opulumutsira nyama, ndipo achemwali a ku Zomba tidzakufunani pamenepo. Akulu a ku Lusaka, usiku uno ndiyesa nsomba 60 mu thanki yopanda kanthu pa foni yathu yoyesera. Ma frame akapitirira 30, wojambula ayamba mawa ndi mitundu itatu: yabuluu ya mizere, yachikasu ndi yamawangamawanga.

Wa ma shader, Lusaka: Poyesapo muzimitse mithunzi pa nsombazo, ndipo foniyo muisiye iyende mphindi 15 itenthe kaye musanawerenge ma frame. Mutitumizire chithunzi cha Profiler, chida cha Unity choonetsa chimene chikuchedwetsa masewera.