Ndithandizeni kudziwa mmisiri amene anapanga jagi iyi

Abale odziwa za zinthu zakale, ndagula jagi yagalasi yothiramo vinyo pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito kuno ku Leicester ku England. Kukamwa kwake ndi chogwirira ndi zasiliva, ndipo pafupi ndi chivindikiro pali tizizindikiro tinayi. Mkango woyenda ukutanthauza siliva wa 925 (magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva weniweni), nangula akusonyeza kuti silivayo anayesedwa ku Birmingham, palinso chilembo cha chaka. Chizindikiro cha mutu wa mfumukazi, chomwe chinkasonyeza kuti msonkho wa siliva walipiridwa, palibe, choncho ndikuganiza kuti inapangidwa msonkho wa siliva utathetsedwa mu 1890.

Chandivuta ndi chizindikiro cha mmisiri. Chinafufutika ndi kupukuta, chilembo choyamba chokha ndicho chikuoneka ngati W. Ndingachiwerenge bwanji osakanda siliva? Nanga wosula siliva ndi wopanga galasi ankakhala munthu mmodzi, kapena ndifufuze padera?