Nyumba yathu yalephera air test, ndithandizeni

Membala wosadziwika: Abale a kuno ku England, ndagwira njakata. Tamanga kanyumba katsopano ku Bolton. Womanga ndi mlamu wanga, yemwe uja anandibwereka galimoto n'kubweza yopanda mafuta. Dzulo kunabwera munthu wa air test (kuyeza kuchuluka kwa mpweya wotuluka m'ming'alu ya nyumba), anamangirira chifani chachikulu pakhomo, chinalira kwa kanthawi, kenako akuti talephera. A Building Control, oyendera zomangamanga, akuti satipatsa completion certificate, chikalata chotsimikiza kuti nyumba yatha motsatira malamulo. Lendi tikulipirabe kwina, bambo a kunyumba angoti "zisiye", mlamuyo foni sakuyankha. Nditani ine?

Agogo a ku Luton: NYUMBA IYENERA KUPUMA! Kwathu timasiya dala mpata pansi pa malata. Kuno mukumata paliponse kenako nkhungu khoma lonse. Mwaiwala mwana anamwalira ku Rochdale mu 2020 chifukwa cha nkhungu? Musatseke kalikonse mayi.

Mmisiri wa ku Leeds: Mayi, pepala la zotsatira za air test lalemba nambala yanji? Kuyambira June 2022, Part L, gawo la malamulo a zomangamanga lokhudza kusunga kutentha, imafuna kuti nyumba yatsopano iliyonse iyezedwe, ndipo nambala ya mpweya wotayika isapitirire 8 pa 50 Pa (mphamvu ya mpweya imene amayezera). Kale inali 10. Koma ngati pa SAP yanu, masamu a mphamvu imene nyumba izigwiritsa ntchito, analemba 5, ndiye ndi 7 mukhoza kulepherabe.

Anachisale: Kumangitsa wachibale? Ine achimwene anga anandiikira mawindo ku Area 25, mpaka lero mvula imalowa. Chibale pa ndalama ayi.

Agogo a ku Luton: A ku Leeds, manambala anuwo munthu angapume?

Mmisiri wa ku Leeds: Agogo, mpweya wabwino uzilowa pa trickle vent (timipata ta pa zenera) ndi kutuluka pa extractor fan (fani yotulutsa mpweya), osati kuseri kwa sinki. Poyeza, zimenezo amazitseka kaye. Chomwe akusaka ndi ming'alu imene palibe anaifuna.

Mnyamata wa Uber: Itanani abusa adzadzoze fani ija 😂

Agogo a ku Luton: MWANA IWE, nkhani ya moyo ino. Ine ndakhala dziko lino inu musanabadwe, nyumba yanga zenera silitsekedwa ngakhale mu January.

Mnyamata wa Uber: Bilu ya gasi amalipira ndani agogo?

Nesi wausiku: Ife tinalepheranso. Woyezayo anayenda ndi kautsi fani ikukoka, utsi n'kumavina pansi pa skirting, timatabwa ta m'munsi mwa khoma. Vuto linali plasterboard, mabodi a khoma la m'kati, yomata ndi madontho a guluu, mpweya umangoyenda kuseri kwake. Tinathira silikoni pansi ponse, foam pozungulira mapaipi a kubafa, n'kusintha rabala ya chitseko cha kudenga. Onaninso masoketi ndi magetsi olowa m'siling'i. Kuyezanso tinalipira tokha, mpaka pano zimandiwawa.

Anachisale: Alipire mlamuyo!

Mmisiri wa ku Leeds: Pomata musachite kupyoza muyeso. Mukatsika pansi pa 3, Part F, gawo lokhudza mpweya wabwino m'nyumba, ikhoza kufuna fani yoyenda usana ndi usiku. Nambala ija, mayi?

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Pepalalo lili m'galimoto ya mlamu, ndipo ndangomva kuti wapita ku ukwati ku Glasgow osatiuza n'komwe.

Agogo a ku Luton: TSEGULANI MAWINDO basi.